Dzino la mwana lamera kumbuyo kwa lapansi: tidikire kapena tipite kuchipatala?

Mayi wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo. Mwana wawo wazaka 7 wamera dzino lakutsogolo lam'mwamba, koma akatseka pakamwa dzinolo limalowa kumbuyo kwa mano apansi. Agogo ake akuti asiyidwe, mano amadzikonza okha mwana akamakula. Mayiwo akufunsa ngati angadikiredi.

Mayi, agogowo sakunama kwenikweni. Mpata pakati pa mano akutsogolo, kapena mano atsopano ooneka akuluakulu ngati a kalulu, zimenezo nthawi zambiri zimakhazikika zokha. Koma vuto la mwana wanuli, lomwe madokotala amalitcha crossbite, ndi lina. Mano am'mwamba amayenera kuphimba apansi. Dzino likangokodwa kumbuyo, mwana akamaluma amalitsekera komweko, ndipo silipeza njira yotulukira. Dzino lapansi lomwe likugundana naloli limakankhidwira kunja, nkhama zake zimatsika, nthawi zina limayamba kugwedera.

Chitani izi madzulo ano. Muuzeni mwanayo atseke pakamwa pang'onopang'ono, inu mukuyang'ana chibwano. Mukaona kuti mano akangokhudzana chibwano chikutsetserekera kutsogolo kapena kumbali, musazengereze. Nsagwada imene ikutafunira mokhota tsiku ndi tsiku ikhoza kukula mokhota.

Zoyambitsa ndi zingapo: dzino loyamba kuchedwa kuguluka moti latsopano limamerera pambali, kuyamwa chala mpaka kusukulu, kupumira pakamwa chifukwa cha mphuno yotsekeka, kapena mtundu chabe. Ngati amaliza nkonono usiku, mukawauzenso adokotala.

Msinkhu umenewu ndi wabwino chifukwa mafupa akadali ofewa. Bungwe la American Association of Orthodontists limalangiza kuti mwana aonedwe mano asanapitirire zaka 7, pomwe mano akuluakulu oyamba akumbuyo atamera kale. Dzino limodzi lokha limawongoledwa ndi kapulasitiki kovala m'kamwa kokhala ndi kawaya kolikankha, kwa milungu kapena miyezi yowerengeka. Ngati vuto lili kumano am'mbali chifukwa nsagwada yam'mwamba ndi yopapatiza, amaika kachipangizo kotambasula, popeza mafupa awiri akumwamba kwa m'kamwa amakhala asanalumikizane. Akadutsa zaka za kutha msinkhu, ntchito yomweyo imavuta, imatenga nthawi, ndalama nazo zimachuluka. Koma ngati m'banjamo muli anthu a chibwano chachitali, apo adokotala angafune kumutsatira mwanayo kwa zaka zingapo, chifukwa vutolo limatha kubwerera.

Yambirani ku chipinda cha mano pachipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku Dedza, komwe kukuyandikirani. Akamuona, akhoza kuzula dzino loyamba lomwe likutchinga, kapena kukutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akatswiri owongola mano ndi ochepa m'dziko muno, choncho mukafunsiretu za ndalama ndi maulendo obwereza, chifukwa kachipangizoko kamafuna kukonzedwa pafupipafupi.

Zokankha dzino ndi chala kapena kamtengo kunyumba, ayi ndithu. Njira yokankha dzino ndi kathabwa ilipodi, koma amasankha ndi kuonetsa ndi dokotala, ndipo imathandiza dzino likangoyamba kumera.