Mayi sakudzuka pampando chiyambireni chisanu cha ku Leeds

Mlongo wathu wina wa ku Leeds wandilembera kalata. Mayi ake a zaka 72 adabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala naye, koma chilowereni Novembala sakutuluka m'nyumba. Amangoswera pampando pafupi ndi hita, mawondo ayamba kuuma, ngakhale kudzuka kukuvuta. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, musawakakamize kutuluka. Mu Disembala dzuwa kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo m'mawa m'njira mumaterera ndi madzi oundana. Mantha awo ali ndi maziko: a NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma ku Britain, amati mwa anthu atatu alionse opitirira zaka 65, mmodzi amagwa kamodzi kapena kuposa pachaka.

Koma ine sindikhulupirira kuti wolakwa ndi chisanu chokha. Ku Dedza nako mu Juni kumazizira, koma mayi ankadzuka kusesa pabwalo, kutunga madzi, kuwerama m'dimba. Thupi linkalimba ndi ntchito. Kunoko inu mwawalanda zonse chifukwa cha ulemu. "Khalani pansi amayi, ndichita ndine." Mawu okoma, koma ndi amene akuwaumitsa mawondo. Abwezereni mthiko. Nsima yamadzulo azithyakula ndi iwo, zovala azipinda ataimirira, mbale azitsuka okha. Akadandaula kuti mwawasandutsa wantchito, dziwani kuti mumtima akondwa.

Pamwamba pa izo onjezani timasewera tiwiri tolimbitsa thupi. Tengani mpando wolimba wopanda matayala, muutsamiritse kukhoma. Akhale chakutsogolo, mapazi pansi, adzuke osagwirira, kenako akhalenso pang'onopang'ono, osangodziponya. Ayambe ndi kasanu. Minofu ya m'ntchafu imeneyi ndi imene imadzutsa munthu kuchimbudzi popanda womugwira mkono. Kachiwiri, pamene madzi a tiyi akuwira, agwire m'mbali mwa sinki, aziimirira ndi zala za kumapazi n'kutsikanso, kapena aime ndi mwendo umodzi.

Malangizo a ku Britain kwa okalamba ndi mphindi 150 pamlungu zoyendetsa thupi, komanso masiku awiri a zolimbitsa minofu ndi kuima mosadzandira. Musaope nambalayo, ndi mphindi 20 ndi pang'ono patsiku, ndipo mungaziduledule. Ikani nyimbo za amayi a Chigwirizano pa YouTube muone ngati atakhalebe pansi. (Aneba a pansi panu muwachenjezeretu.)

Chipinda chikhale chofunda madigiri 18 kapena kuposa. Chotsani timakapeti toterereka, ndipo mapatapata awasiye, avale nsapato zogwira chidendene. Vitamini D, mamaikulogalamu 10 patsiku, amalangizidwa nyengo yachisanu, ndipo kwa ife akhungu lakuda chaka chonse. Ngati ali ndi BP, shuga kapena matenda a mtima, kambani kaye ndi dokotala wawo (GP). Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika pakati pa zimenezi, asiye pomwepo, ndipo kupweteka pachifuwako kukapitirira imbani 999 kuitana ambulansi.