Achimwene a ku Chitungwiza, pa magalimoto atatuwo tengani C220

Achimwene, funso lanu ndaliona usiku, koma ndinati ndiyankhe kukacha mutu uli bwino, chifukwa ndalama mukufuna kutulutsazi mwazisonkhanitsa movutikira. Mwati mumakhala ku Chitungwiza, ntchito mumagwira ku Msasa mu Harare, kawiri pamwezi mumathamangira ku Mutare kukaona makasitomala, ndipo nyengo ya Khirisimasi mumanyamula banja kupita kumudzi ku Mulanje. Mtima wanu uli pa magalimoto atatu a dizilo: Mercedes-Benz C220 CDI, BMW 320d ndi Mazda Atenza. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Ine C220 ya 2012 ndakhala nayo zaka 4. BMW 320d ali nayo alamu anga, ndipo ndaiyendetsapo kangapo mpaka ku Masvingo. Atenza ndimaidziwa kudzera kwa mnzanga amene timapemphera limodzi ku Highfield. Ndikanakhala inu ndikanatenga C220, makamaka yopangidwa pakati pa 2011 ndi 2014. Koma ndikunena izi chifukwa cha maulendo anu a ku Mutare aja. Mukanati moyo wanu ndi Chitungwiza, Msasa, Chitungwiza basi, ndikanakuletsani dizilo yense, mwina n'kukulozerani Toyota Premio ya petulo.

Chifukwa chake n'ichi. Magalimoto a dizilo amakonowa ambiri ali ndi sefa ya utsi mu ekizozi, imene amakaniko amaitcha DPF. Sefayi imagwira mwaye kuti usatuluke kunja, ndiye pakapita nthawi galimoto imatenthetsa ekizozi kwambiri kuti mwayewo upse. Kuti zimenezi zitheke pamafunika injini yotentha bwino komanso kuyenda kosaimaima kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Tsono taganizani za Seke Road m'mawa, mmene timakwawira muja, buleki, giya, buleki, makombi akulowerera uku ndi uku. Mwaye supsa. Umangounjikana mpaka nyali ya chikasu iyake pa dashibodi, galimoto n'kuyamba kufooka ngati yamangidwa mwendo. Inu muli ndi mwayi, makilomita oposa 260 opita ku Mutare, kukwera Christmas Pass n'kubwereranso, amatsuka sefayo popanda kulipira munthu. Ambiri kuno amangoichotsa sefayo n'kusintha za mu kompyuta ya galimoto. Ine yanga sindinaichotse, ndipo sinandivutitsepo, chifukwa mwezi sutha ndisanatuluke mu Harare.

Chimene ndinaikondera galimotoyi ndinachiona pa ulendo woyamba wa kumudzi. Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, ine, mayi a kunyumba, ana awiri, buti itadzaza ndi zikwama, mafuta ophikira, shuga ndi mabulangete a agogo. Kupitirira Mutoko kulowera ku Nyamapanda mumakumana ndi mathiraki ondondozana, ena atatu pamzere. Pa galimoto ya petulo imene ndinali nayo kale ndinkayamba ndawerengera kaye, kutsitsa giya, injini n'kumalira. Iyi mumangoponda pang'ono, mphamvu n'kubwera nthawi yomweyo ngati wina akukukankhani kumbuyo. Injini yake ndi ya malita 2.1, mahatchi 170, koma chinsinsi chili pa mphamvu yokokera, 400 Nm, imene imapezeka injini isanakwere n'komwe. Komanso Harare ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene injini yopanda turbo imataya mphamvu chifukwa mpweya ndi wopepuka. Ya turbo ngati C220 iyi, yokhala ndi kachipangizo kopopera mpweya wambiri mu injini, sidandaula kwenikweni.

Za mafuta ndinena zimene ndimaona ine pa galimoto yanga. Pamsewu wautali, ndikamayenda 110, lita imodzi imandipatsa makilomita 16 kapena 17. M'tauni imatsika kufika 11 kapena 12. Ndikathira fulu thanki ku Harare ndimadutsa Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza mpaka Blantyre, makilomita pafupifupi 600, singano isanafike pa kota, chikhalirecho AC ili yoyatsa kuyambira ku Changara chifukwa kutentha kwa ku Tete mukukudziwa. Ndipo mizere ya mafuta kumudzi ikayamba, munthu wofika ndi otsala mu thanki amagona tulo.

Pokhala m'katimo mpabwino kwa awiri a kutsogolo. Ndimafika ku Blantyre msana uli bwinobwino. Kumbuyo ndiye kopanikiza. Ana ali bwino, koma akuluakulu atatu ayi, chifukwa pakati pali chitunda chodutsamo shafuti yopita ku matayala a kumbuyo, wokhala pakatiyo amasowa poika miyendo. M'mawa wa mu June, injini ikadali yozizira, imalira mokhokhomera mpaka aneba amadziwa kuti mwadzuka, koma ikatentha imatsika mawu. Handibuleki yake ndi yopondera ndi mwendo wamanzere, sabata yoyamba imasokoneza. Ndipo ndi yotsika. Kumsewu wafumbi wopita kumudzi kwathu ndimayenda mwakachetechete, pena ana amatsika kuti ndidutse pa chigwembe.

Pa kutsikapo ndikuuzeni zimene zinandigwera, kuti zisakugwereni. Yanga inabwera ndi marimu a mainchesi 17, matayala opyapyala, okongola kwambiri. Mu February wina mvula itagwa madzulo, ndikuchokera ku Glen Norah, ndinalowa m'dzenje lobisika ndi madzi. Phokoso lake linandifika m'mano. Nditatsika ndi tochi ya foni ndinapeza tayala latupa chotupa chonga dzira m'mbali, rimu itang'aluka m'kati, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono n'kumachita thovu m'matopemo. Sabata yomweyo ndinagulitsa marimu otsalawo n'kuika a mainchesi 16, matayala 205/55. Galimoto inafewa, ndipo matayala a saizi imeneyi amapezeka paliponse, ngakhale ku Tete. Mukaona C220 ya marimu aakulu, yotsitsidwa, musatengeke nayo maso. Misewu yathu kuyambira November mpaka March siikhululukira.

BMW 320d, kunena zoona, ndi yokoma kuyendetsa kuposa yanga. Chiwongolero chake chimamva msanga, pa makona a ku Boterekwa imagwira msewu ngati yamatidwa. Mafuta imamwa pang'ono chimodzimodzi, mwinanso kuchepera apo. Zimene zimandibweza ndi ziwiri. Choyamba, injini ya N47, imene inayamba kuikidwa mu 2007, imadziwika dziko lonse ndi vuto la tcheni cha taimingi, ndipo tchenicho chili kumbuyo kwa injini, mbali ya giyabokosi. Kuchisintha ndi ntchito yotsitsa injini kapena giyabokosi, ndipo chikaduka muli paulendo injini yatha. Ndisakubiseni, C220 ya injini ya OM651 nayonso tcheni chake chili kumbuyo, ndipo chimatha ngati oyilo sankasinthidwa pa nthawi, koma mbiri yake pa nkhaniyi si yoipa ngati ya N47. Chachiwiri, BMW za mtundu wa E90, za cha m'ma 2005 mpaka 2011, zinapangidwa kuti ziziyenda ndi matayala a run-flat, amene amayendabe kamtunda ngakhale ataphwa, opanda sipeya mu buti. Matayalawo ndi olimba m'mbali, dzenje lililonse limakufikani m'chiuno, ndipo ndi okwera mtengo. Ambiri amaika matayala wamba, koma ndiye sipeya muyenera kuigoneka mu buti, malo a katundu n'kuchepa. Pakati pa Cuchamano ndi Changara ku Mozambique, ndi ana m'galimoto, ine sindingayende wopanda sipeya.

Atenza ya dizilo ya malita 2.2 ndi yokongola, ndi yaikulu kumbuyo kuposa zinzake ziwirizi, ndipo imakoka kwambiri, 420 Nm. Koma ndiyo imadana kwambiri ndi maulendo afupiafupi. Ikamayesa kuwotcha mwaye n'kumalephera kumaliza, dizilo wina amatsikira mu oyilo, oyilo n'kusungunuka n'kumakwera. N'chifukwa chake pa kandodo koyezera oyilo pali chizindikiro cha X pamwamba pa fulu, oyilo akafika pamenepo ayenera kusinthidwa. Zambiri zimachokera ku Japan, kumene mwina zinkangoyenda m'tauni, ndipo mbiri ya sevisi simuidziwa. Ikakhala ya mwini wosamala ndi galimoto yabwino. Koma amakaniko oidziwa bwino injini imeneyi kuno ndi ochepa poyerekeza ndi odziwa Benz. Mukaikonda Atenza, tengani ya petulo.

Wina mu gulu muno anatchula Audi A4 ya 2.0 TDI. Injini ndi yabwino, koma zambiri za otomatiki zokoka ndi matayala a kutsogolo zili ndi giyabokosi ya Multitronic, imene ikawonongeka imadya ndalama zambiri. Ya manyuwale ndingaivomere.

Chimene chimapambanitsa Benz mu Harare ndi anthu ndi masipeya. C-Class ya mtundu umenewu, W204, inkapangidwanso ku East London ku South Africa, ndiye zitsulo zake zimabwera mosavuta kudzera pa Beitbridge. Mabushi, mashoko, mabuleki, mafyuluta mumazipeza mu Kaguvi Street, ndipo ku Gazaland kuli anyamata amene anakulira pansi pa ma Benz. Koma sankhani makaniko mmodzi wokhala ndi kompyuta yoyezera, mukhale naye. Oyilo akhale wa muyezo wa Benz wa 229.51, wa phulusa lochepa, chifukwa oyilo wamba amatseka DPF ija. Ine ndimagula ndekha, ndimaima pomwepo akamathira, ndipo ndimasintha pa makilomita 10,000 aliwonse osadikira kuti galimoto indiuze. Dizilo wathu kuno ndi wa 50, nambala imene imaonetsa kuchuluka kwa salifa mu dizilo, pomwe ku Ulaya kumene injinizi zinapangidwira ndi wa 10, woyera kuposa wathu, ndiye kusintha msanga ndi bwino. Fyuluta ya dizilo musaiumire. Ndipo dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu musamuyandikire ngakhale atchipe bwanji. Ine ndinathirapo malita 10 kamodzi nditapanikizika pa maliro, galimoto inayamba kutsokomola, makaniko atatsegula fyuluta tinapeza madzi pansi pake. Ndinapulumuka chifukwa ndinaima msanga. Injector, kachipangizo kopopera dizilo mu injini, imodzi yokha mtengo wake ungalipire fizi ya mwana.

Dziwaninso kuti malamulo a Zimbabwe tsopano salola kulowetsa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito imene yapitirira zaka 10 chipangidwireni. W204 inasiya kupangidwa mu 2014, ndiye kuitanitsa kunja iwalani, muyenera kugula imene ili kale m'dziko muno. Izi zili ndi ubwino wake, mumaiona ndi maso, mumaiyendetsa, mumalankhula ndi mwini wake. Mukafuna yoitanitsa ndiye ndi W205, mtundu umene unalowa m'malo mwa W204, ndalama zake ndi zina, ndipo zambiri zimafuna AdBlue, madzi oyeretsera utsi wa mu ekizozi, chinthu chinanso choti muzisamala.

Pokaona galimotoyo muuzeni wogulitsa asailize inu musanafike. Gwirani boneti, ikhale yozizira. Poliza mverani ngati kumbuyo kwa injini kukumveka tcheni chikukhwekhwereza masekondi oyamba. Chotsani chivindikiro cha pulasitiki pamwamba pa injini muone pozungulira ma injector. Mukapeza zakuda zouma ngati phula la pamsewu ndi fungo la utsi, ndiye kuti mawashala akutulutsa mpweya, mutsitse mtengo. Lowetsani kiyi kangapo mumve ngati loko ya chiwongolero ikumasuka msanga ndi kaphokoso kake, chifukwa pa W204 kamota ka lokoyo kamatopa, ndipo kakafa galimoto siliza n'komwe. Ngati inachokera ku UK, ikwezeni pa jeke muyang'ane chitsulo chachikulu chonyamula matayala a kumbuyo, chifukwa mchere umene amawaza m'misewu nyengo yachisanu umachidya dzimbiri kuyambira m'kati. Kumbukiraninso kuti za ku UK zimawerenga mamailosi, 100,000 pa dashibodi ndi makilomita pafupifupi 160,000. Funsani ngati oyilo wa giyabokosi anasinthidwapo. Akati sasinthidwa, mudziwe kuti ntchito yoyamba ndi imeneyo.

Mapepala musachite nawo manyazi. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya m'buku, laisensi ya ZINARA, bungwe loona za misewu m'Zimbabwe, isakhale ndi ngongole, mupite limodzi ndi wogulitsa kukatenga kiliyaransi ya apolisi, ndipo buku lisinthidwe likhale m'dzina lanu December isanafike. Pa Nyamapanda ndi pa Mwanza galimoto ya dzina la munthu wina imafuna kalata ya mwini wake, ndipo mungataye tsiku lonse padzuwa ndi ana.

Pa ndalama mwasungazo musathere zonse pogula. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu la sevisi yoyamba, matayala ndi mabushi, chifukwa galimoto ya zaka zoposa 10 sibwera yopanda chosowa. Ngati galimoto ija mwaiona ku Msasa ikadalipo, Loweruka m'mawa ndili mpata. Ndibwera ndi makaniko wanga ndi kompyuta yake, inu mubwere ndi tochi, ndipo mumuuze mwini wakeyo kuti tikufuna kuiyendetsa mpaka ku Ruwa n'kubwerera.