Nyumba ili m'dzina la amuna anga, kodi ndituluka chimanjamanja?

FUNSO: Ndakhala m'banja zaka 12 ndipo tili ndi ana awiri. Pano zinthu zafika poti sitingakhalirenso limodzi. Nyumba tinamanga tili pabanja koma mapepala ake ali m'dzina la amuna anga. Ine sindinalembedwepo ntchito, ndinkachita kabizinesi uku ndikusamala pakhomo. Iwo akuti ndingonyamula zovala zanga basi. Palinso ngongole ya kubanki yomwe ndinasainira nawo. Nditani?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Pepani mayi ndi zimene mukudutsamozi. Choyamba, musasaine pepala lililonse logawana katundu musanalionetse kwa munthu wodziwa malamulo, ngakhale akuumirizeni bwanji.

Dzina lolembedwa pa mapepala a nyumba ndi umboni wamphamvu, koma nkhani sithera pamenepo. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri banja likatha. Lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la chaka cha 2015 limauza khoti zoti liyang'ane pogawa: ndalama zimene aliyense amapeza, katundu amene ali naye, zosowa zake, msinkhu ndi thanzi lake, komanso zimene aliyense anaikapo pa chumacho. Pa mfundo yomalizayi lamulolo limawerengera ngakhale ntchito za pakhomo. Kulera ana, kuphika ndi kuchapa kwa zaka 12 sikupita pachabe.

Komabe tisakunamizeni kuti mugawana pakati ndi pakati. Khoti limafuna kuona ngati nyumbayo inalidi ya nonse ndiponso kuti inu munaikapo chiyani. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwera, chifukwa amafika m'khoti ndi misozi koma opanda kapepala n'kamodzi komwe.

Yambani lero kutolera umboni. Fufuzani malisiti a simenti, malata ndi zitseko, makamaka olembedwa dzina lanu. Pemphani kubanki chikalata choonetsa mmene ndalama zinkalowera ndi kutulukira mu akaunti yanu pa zaka zimene munkamanga. Mauthenga a pafoni otsimikiza kuti munatumiza ndalama kwa mmisiri kapena kwa amuna anu musafufute. Ajambuleni ndipo musunge kwina. Kabuku ka bizinesi yanu, ngakhale kakhale kothimbirira ndi kong'ambika m'mphepete, n'kamtengo wapatali ngati muli masiku ndi ndalama zolembedwa. Mmisiri amene munkamulipira pamanja akhoza kukhala mboni yanu. Kenako lembani mndandanda wa katundu yense, chaka chimene chinthu chilichonse chinagulidwa ndi kumene ndalama zake zinachokera. Zimene munalowa nazo m'banja kapena zimene makolo anakusiyirani muzilembe padera.

Mukamva mphekesera zoti nyumba ikusakiridwa wogula, musadikire tsiku la mlandu. Pemphani khoti chiletso choti isagulitsidwe kapena kuperekedwa chikole mpaka nkhani itaweruzidwa. Ikangogulitsidwa kwa munthu wosadziwa za mkanganowu, kuibweza kumavuta kwambiri, ndipo ndalama zake sizichedwa kusungunuka.

Za ngongole, tcherani khutu. Banki sikhala nawo pa mlandu wanu wa banja. Imatsata amene anasaina. Ngati munasaina monga wobwereka mnzawo, kapena kulonjeza kuti iwo akalephera mudzabweza ndinu, banki ikhoza kukulondolani ngakhale banja litatha kale. Pitani mukapemphe pepala la mgwirizanowo, muone zimene munasainira, ndalama zatsala, chiwongoladzanja chake ndi chimene chinaperekedwa chikole. Ngati chikolecho ndi nyumba yomweyo, zogawana zenizeni ndi zotsala mukachotsa ngongoleyo pa mtengo wa nyumba. Khoti likanena kuti abweze ndi iwo, kakambiraneni ndi banki kuti dzina lanu lichotsedwe, ndipo akupatseni kalata.

Ngati ukwati wanu unali wa mwambo, nkhani imayambira kukhoti la majisitireti. Wolembetsa kuboma umathetsedwa ku Khoti Lalikulu. Ndalama za loya zikasowa, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu. Ngati pali nkhanza, musakakamire m'nyumbamo poopa kuluza gawo lanu. Kutuluka pothawa nkhanza sikufafaniza zimene munaikapo, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kukutetezani.

FUNSO: Tinasiyana ndi mayi a mwana wanga chaka chatha popanda kupita kukhoti. Ndimapereka ndalama mwezi ndi mwezi koma akundikaniza kuona mwana. Ndisiye kupereka?
Bambo wodandaula

YANKHO: Ayi bambo, musasiye. Chisamaliro ndi ufulu wa mwana, si malipiro oti mumuone. Gawo 23 la malamulo aakulu limati mwana ayenera kusamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja, kaya anasiyana, kaya sanakwatirane n'komwe, ndipo mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mukasiya, wovutika ndi mwanayo, ndipo kukhoti mudzaoneka olakwa ndinu.

Chofunika kusintha ndi kaperekedwe. Ndalama za pamanja sizisiya mapazi. Muzitumiza kudzera kubanki kapena pafoni, fizi muzilipira kusukulu nokha n'kusunga lisiti. Mukatero pitani kukhoti la ana mukapemphe kuti liike masiku oonana ndi mwana pamodzi ndi ndalama zoti muzipereka. Tengani pepala la malipiro anu, chifukwa khoti limayeza zosowa za mwana ndi mapezedwe a makolo onse awiri. Ntchito ikadzatha, bwererani kukhoti komweko kuti lichepetse ndalamazo. Mukangodzichepetsera nokha, zotsalazo zimasanduka ngongole.

Chinanso, ngati munali okwatirana mwalamulo, kukhala kosiyana sikuthetsa ukwati. Pamaso pa lamulo mayiwo akadali akazi anu mpaka khoti litagamula. Likadzagamula, kalembeninso wilo yanu ndi mafomu a penshoni ndi inshuwalansi, kuti dzina la mwanayo lionekepo bwinobwino.