Ma slot anu alibe vuto, mawotchi ndi amene akusemphana

Achimwene, mwafunsa za netiweki yanu ya masensa opanda mawaya, momwe node iliyonse (kabokosi ka sensa kokhala ndi wailesi) imatumiza mapaketi pa kanthawi kake koikidwiratu, kotchedwa slot. Ma node oyenda bwino m'mawa n'kuyamba kutaya mapaketi dzuwa likakwera ngati anuwo, musataye nthawi kukonzanso ndandanda ya ma slot. Yambani ndi wotchi.

Node iliyonse imawerenga nthawi ndi crystal (kamwala koyendetsa wotchi) ya 32.768 kHz, zambiri zolembedwa ±20 ppm, kutanthauza kuti zimatha kuthamanga kapena kuchedwa ndi ma microsecond (µs) 20 pa sekondi iliyonse. Ina ikathamanga ina ikachedwa, zimasiyana ndi 40 ppm, ndiye kuti 40 µs pa sekondi iliyonse. Mu TSCH ya IEEE 802.15.4, njira yogawira ma node nthawi ndi ma channel a wailesi, slot imakhala 10 ms, ndipo wolandira amatsegula wailesi kwa 2200 µs kudikira paketi, 1100 kutsogolo, 1100 kumbuyo; mpata umenewu ndiye guard time. Gawani nokha 1100 ndi 40: pakangodutsa masekondi 27 osagwirizanitsa mawotchi, mwasemphana basi. Komanso 20 ppm imeneyo amayezera pa 25°C. Kabokosi kakawombedwa ndi dzuwa mkati n'kufika 60°C, crystal imachedwanso ndi 40 ppm ina, pomwe inzake ili pamthunzi ikuyenda bwinobwino.

Chotsatira chake chimawawa. Mwana (node yotumiza) akutumiza, kholo (node imene imalandira mapaketi ake) latseka kale wailesi. ACK, yankho lotsimikiza kuti paketi yafika, siibwera, chonsecho ACK yomweyo ndi imene imanyamula uthenga wokonzera wotchi. Amabwereza, amabwerezanso, mzere wa mapaketi umadzaza, atsopano amayamba kutayidwa. Kenako node imaona kuti yasochera, imatuluka mu netiweki n'kuyamba kusaka beacon, uthenga wolengeza netiweki, wailesi ili chiyakire, kumadya pafupifupi 20 mA osapuma. Mabatire a 2500 mAh amene munkati akhala zaka amatha m'masiku asanu. Ana ake onse amagwera limodzi, nthambi yonse kuti zii, inu kumaganiza kuti sensa yapsa.

Chimandipsetsa mtima ndi anthu odula guard time kuti manambala a batire aoneke okongola, atangoyesera mu simulator momwe mawotchi onse amayendera limodzi ndipo dzuwa kulibe. Amagawira ena ma settings amenewo osanena n'komwe kuti sanawayesepo panja. Wovutika amakhala amene akukwera makwerero kukasintha mabatire.

Ikani keep-alive, kapaketi kogwirizanitsira mawotchi, pa masekondi 10 aliwonse, ndipo node izitenga nthawi kwa kholo lake lomwelo la routing, osati kwa aliyense amene yamumva. Onaninso kutalika kwa slotframe, gulu la ma slot limene limabwerezedwa mozungulira. Channel imapezeka pophatikiza ASN (nambala ya slot kuwerengera pomwe netiweki inayambira) ndi channel offset (nambala yoikika yosankhira channel) n'kutenga chotsala mukagawa ndi chiwerengero cha ma channel, ndiye mukaika ma slot 16 pa ma channel 16, cell iliyonse (slot imodzi ndi channel offset yake) imagwera pa channel yomweyomweyo mpaka kale, ndipo ngati pa channel imeneyo pali Wi-Fi, yafa. Sankhani ma slot 17 kapena 101. Ma channel 15, 20, 25 ndi 26 ndi amene amazemba Wi-Fi ya pa 1, 6 ndi 11. Ma node oyandikana ndi sink, node imene imasonkhanitsa mapaketi onse, muwapatse ma cell ambiri, amasenza katundu wa nthambi yonse.

Koma guard time musaikulitsenso mopitirira, chifukwa slot iliyonse yodikira popanda paketi imayatsa wailesi nthawi yonseyo pachabe. Ndipo ngati ma node anu ndi khumi okha, otumiza molunjika ku sink kamodzi pa mphindi khumi, ma slot asiyeni kaye. Node idzuke, itumize ndi CSMA (kumvetsera kaye ngati channel ili chete), ilandire ACK, igone.