Sipoila yoyamba ayi, yambani mwayang'ana padenga ndi pansi pa galimoto

Achimwene, mwafunsa ngati kumangirira sipoila (kachipangizo kowongolera mphepo) kumbuyo kwa Sienta yanu kungachepetse mafuta pa maulendo anu a Lilongwe ndi Blantyre. Ndalamayo isungeni kaye. Masipoila ambiri a m'mashopu a masipeya ndi okongoletsera chabe, ndipo aja ooneka ngati phiko anapangidwira kupanikiza galimoto zampikisano pansi pokhota. Pa galimoto yabanja amangoonjezera mphepo yoti injini ilimbane nayo.

Mphepo imayamba kudya mafuta mukathamanga. Mukachoka pa 100 n'kufika pa 120 km/h, kukankha kwake kumakwera ndi 44 peresenti, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, mphepo imakankha kanayi. M'tauni pa 40 kapena 50 simungaone kusiyana kwenikweni, koma pa M1 phazi lanu ndi lomwe lili ndi mphamvu kuposa chilichonse chomwe mungagule.

Ngati muli ndi keliyala padenga, imeneyo ndiyo yoyamba kutsika. Ine ndinayenda nayo miyezi yambiri ilibe kanthu, ndikumangomva mluzu pamwamba osadziwa kuti ndikulipira mluzuwo papampu. Muziimanga tsiku lonyamula katundu basi.

Kenako gwadani muone kunsi. Galimoto zambiri zimabwera ndi chivundikiro chapulasitiki pansi pa injini, koma chimathyoka m'maenje, kapena chimachotsedwa posintha oyilo osabwezeredwanso. Kunsiko kuli zitsulo ndi mapaipi ambirimbiri ogwira mphepo, n'chifukwa chake opanga Toyota Prius, yomwe ya 2010 inatsika kufika pa 0.25 pa muyeso wa kukaniza mphepo (nambala yochepa ndiyo yabwino), anasalaza pansi pake. Chivundikiro chanu chikasowa, pezani china kwa ogulitsa masipeya akale, kapena dulani pepala la aluminiyamu mulimange ndi mabawuti, osati waya. Musalifikitse pafupi ndi ekizozi, ndipo siyani bowo lotsitsira oyilo. Bampala yolendewera imangeninso bwino.

Pali ziwiri zomwe mudzaone pa YouTube zomwe ndikukupemphani musayese. Kutseka mabowo a kutsogolo kwa radiyeta amachita ndi anthu a kumayiko ozizira; kuno mu Okutobala, potsika kapena pokwera ku Chikwawa, mudzaphika injini. Kutsitsa galimoto nakonso kumachepetsadi kukankha kwa mphepo, koma mahampu athu adzakuswerani sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini.

Mukafuna kuona ndi maso, dulani tizidutswa ta ulusi wolukira majuzi, mumate ndi selotepi padenga ndi pagalasi lakumbuyo, mnzanu azijambula ali m'galimoto ina pamsewu wopanda anthu. Pomwe ulusi wagona mowongoka mphepo ikuyenda bwino, pomwe ukuvinavina ndi pomwe pali vuto.

Musinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Dzazani thanki ponyamuka, dzazaninso pofika, matayala ali ndi mpweya wokwanira, mulembe malita ndi makilomita, kenako mudzatiuze muno zomwe mwapeza.