Akuloweza Biology usiku wonse, m'mawa zonse zauluka

Mayi ena a ku Chibavi alemba kuti mtsikana wawo ali Folomu 4 ndipo akufuna unamwino, koma genetics (za kutengera kwa makolo) ndi evolution (za kusintha kwa zamoyo m'mibadwo) zamukanika ngakhale amaloweza mpaka usiku. Akufunsa ngati amulipirire part time.

Mayi, ndalamayo muyambe mwaisunga. Vuto la ana ambiri ndi loti mapuloteni, genetics ndi evolution amaziwerenga ngati mitu itatu yosadziwana, chikhalirecho ndi nkhani imodzi. Mwana wanu atenge chitsanzo cha matenda a sickle cell, awalondole kuchokera pomwe amayambira.

Puloteni ili ngati mkanda, ndipo timikanda take ndi ma amino asidi, omwe alipo a mitundu 20. Jini, malangizo omwe timatengera kwa makolo, ndiyo imalamula kuti kamkanda kati katsatane ndi kati. Mu hemoglobin, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, pamalo achisanu ndi chimodzi a tcheni cha beta pamakhala amino asidi wotchedwa glutamic acid. Jini ikasintha pang'ono, pamalowa wina wotchedwa valine. Kamkanda kamodzi kokha basi, koma maselo ofiira amapindika ngati mwezi wongooneka kumene, n'kumatseka timitsempha.

Tsopano mwanayo ajambule Punnett square, kabokosi koonetsa majini omwe ana angatengere: A ndi jini yabwinobwino, S ndi yosintha ija. Bambo AS, mayi AS: zotuluka ndi AA, AS, AS ndi SS, ndipo wodwala ndi wa SS. Apa ndiye ana amagwa. Sizitanthauza kuti mwa ana anayi mmodzi adwala ndithu. Mimba iliyonse payokha ili ndi mwayi umodzi mwa inayi. Ndipo taonani, jiniyo yachokera kwa bambo ndi mayi omwe, choncho apongozi oloza chala mkazi yekha amalakwa. Chialubino chimayendanso chimodzimodzi.

Nanga jini yopweteka chonchi bwanji sinathe? Chifukwa munthu wa AS malungo aakulu samugwetsa msanga. Kumadera a udzudzu anthu oterewa ankapulumuka, n'kubereka, jini n'kupitirira. Natural selection ya Darwin ya mu 1859 ija ndi imeneyi. Inu nomwe mukukumbukira chloroquine: Malawi idamusiya mu 1993 chifukwa tizilombo tomwe sitinkafa naye ndi tomwe tidachulukana.

Madzulo ano mukamaphika, akufotokozereni zonsezi m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, buku litatsekedwa. Pomwe akakamire ndi pomwe akafunse aphunzitsi mawa. Kenako mapepala akale a MANEB, chifukwa kaya ndi ku Mzuni kaya ku Ekwendeni, unamwino umafuna kiredit ya Biology pa MSCE. Zikakanikabe pakatha mwezi, part time ija mulipire.