Matumbo otupa, miyendo yofooka: yankho kwa mayi a ku Ulongwe

Mayi ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia, atilembera imelo. Madokotala ku Tete anawapeza ndi matenda a Crohn, omwe amatupitsa matumbo ndi kuchititsa zilonda m'kati mwake, ndipo akhala akumwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, kwa miyezi isanu. Kutsegula m'mimba kwachepa, koma akanyonyomala pamoto sakutha kudzuka osagwira khoma, msana ukuwawa, ndipo sikelo yatsika kufika pa makilogalamu 50. Akufunsa kuti: "Kodi awa ndi matenda ena atsopano, kapena ndisiye mankhwalawa?"

Mayi, chonde musasiye nokha. Munthu akamwa prednisolone kwa milungu yambiri, tiziwalo ta pamwamba pa impso timaleka kupanga cortisol wokwanira, homoni yothandiza kuti BP isatsike. Mukasiya mwadzidzidzi mutha kusanza, BP kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Mlingo amautsitsa dokotala pang'onopang'ono. Komabe miyezi isanu ndi yambiri. Prednisolone ntchito yake n'kuzimitsa moto matenda akabuka, si wokhala naye. Bwererani msanga mukafunse za mankhwala ena okhalitsa, monga azathioprine, amene safooketsa mafupa.

Fupa si mwala. Tsiku ndi tsiku maselo ena amaligumula, ena n'kumamanganso. Matumbo akatupa, m'magazi mumachuluka zinthu zokolezera kutupa monga TNF zomwe zimafulumizitsa ogumulawo. Matumbo odwala sayamwanso bwino mafuta, pomwe vitamini D amalowa m'thupi limodzi ndi mafuta, ndipo kashiyamu amamatirira ku mafuta otsalawo n'kutuluka ndi chimbudzi. Kenaka prednisolone amafooketsa omanga aja ndi kutayitsa kashiyamu mumkodzo. Fupa limatha mofulumira kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo aliyense womwa mamiligalamu 7.5 kapena kuposa patsiku kwa miyezi yopitirira itatu ayenera kutetezedwa mafupa. Inu mwadutsa kale miyezi itatuyo.

Kulephera kudzuka kuja ndi minofu. Mankhwalawa amadya makamaka minofu ya m'ntchafu ndi m'chiuno, ndipo kuchepa kwa chakudya, kwa magazi ndi kwa vitamini D kumawonjezera. Mlingo ukatsika ndipo mukamadya mokwanira, mphamvu imabwerera, ngakhale zimatenga milungu kapena miyezi.

Msanawo mukafotokoze bwino, chifukwa ululu wake uli mitundumitundu. Ngati umauma m'mamawa kupitirira theka la ola n'kumapepuka mukayamba kuyenda, nthawi zambiri kumakhala kutupa kwa mfundo za m'munsi mwa msana, komwe kumayenda limodzi ndi Crohn. Ngati unabaya mwadzidzidzi pamalo amodzi mukusenza ndowa kapena kuwerama, kafupa ka msana kangakhale kaphwanyika, ndipo pafunika X-ray. Ululu wa m'mphechepeche poponda pansi ungasonyeze kuti magazi sakufika kumutu kwa fupa la ntchafu, vuto linanso la prednisolone. Ndipo kwathu kuno, msana wowawa limodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda umafuna kuyezedwa TB, chifukwa TB imagwira msana, imafanananso kwambiri ndi Crohn ikalowa m'matumbo. Pa ululu imwani paracetamol. Ibuprofen ndi diclofenac wa pamsika akhoza kudzutsanso zilonda za m'matumbo.

Patsiku mukufunika kashiyamu wokwana mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200, ndipo nsima ili ndi wochepa zedi. Kapu ya mkaka ya mamililita 250 imapereka pafupifupi 300. Ngati mkaka ukukutsegulani m'mimba, yesani chambiko. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndi usipa n'zothandiza kwambiri poti timadya ndi minga yomwe, ndipo m'mimba mukavuta, sinjani mukhale ufa wothira m'phala kapena m'ndiwo. Bonongwe ndi mpiru muziphika mpaka zifewe. Pamwamba pa izi pemphani mapiritsi a kashiyamu ndi vitamini D, vitaminiyo mayunitsi 800 patsiku kapena monga dokotala angalembere. Dzuwa lilipo, koma nyengo yozizira ya ku Angónia wodwala amangokhala m'nyumba atafunda, choncho muziwothera dzuwa manja ndi miyendo zili pamtunda.

Zomanga thupi, matenda akabuka, pamafunika magalamu 1.2 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa inu ndi magalamu 60 mpaka 75 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, ndiye pa chakudya chilichonse pasasowe nsomba, mazira, nkhuku, nsinjiro kapena nyemba zochotsa makoko, muzidya pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi.

Muziyenda tsiku lililonse, ndipo muzikhala ndi kudzuka pampando kakhumi, kawiri patsiku. Zosenza pamutu ndi kusinja dikirani kaye mpaka msana aujambule. Fodya amawononga mafupa ndi kukolezera Crohn. Mukapita kuchipatala, muwauzenso ngati mumabayitsa jakisoni wakulera wa miyezi itatu kapena mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, chifukwa zonsezi zimachepetsa mphamvu ya fupa. Nazonso musasiye nokha, dokotala ndiye aone ngati pali posintha.